Katundu wa pamutu, katundu wa pakeliyala

Kuyambira pa 1 Januwale 2025, mizinda ina ya ku Netherlands, monga Amsterdam ndi Utrecht, inayamba kuletsa pang'onopang'ono magalimoto a katundu otulutsa utsi kulowa pakati pa mzinda. Aliyense wofuna kuti lamulo lotere lifike kuno ayambe waona mbiri ya Machinga ndi Balaka, kumene katundu wambiri wayenda popanda mafuta kwa zaka zoposa 100, koma ndi thukuta la munthu wosauka.

Kampani ya Mandala itakhazikika mu 1878, amtengatenga ndiwo ankasenza katundu wake pamutu kuchoka ku Blantyre kukafika ku Matope, kumene sitima zapamadzi zinkamutenga kudutsa pa Liwonde kupita kunyanja. Njanji yodzera pa Balaka inafika ku Salima mu 1935, ya Nkaya mpaka Nayuchi inatsegulidwa mu 1970, koma njanji imangodziwa siteshoni. Kuchoka kumunda kapena kudoko kukafika pamsika, katundu anakhalabe pamutu mpaka njinga yakapalasa itachuluka. Boma litalola amalonda wamba kugula mbewu mu 1987, ADMARC n'kuyamba kutseka misika ina yakumidzi, njinga ndiyo inanyamula malondawo: mpunga ndi matemba a kunyanja ya Chilwa kupita ku Ntaja ndi ku Liwonde, chimanga ndi thonje kupita ku Balaka. Njinga yake imadziwika: keliyala wawotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba, masipoko okhuthala, thabwa pamwamba, matumba awiri omangidwa ndi mphira. Pachitunda mwiniwake amatsika n'kumakankha, chifuwa chili pahandulo. Palibe amene anasankha zimenezi pofuna kuteteza chilengedwe, ndipo njinga yomweyo ndi imene imatsitsa makala m'mapiri a Machinga.

Ena anena kuti njinga zamoto zimene zadzaza m'masiteji masiku ano zikutibweza m'mbuyo, choncho lamulo lizithamangitse zisanazike mizu. Utsi wake ndi weniweni, ngozi zakenso n'zomvetsa chisoni. Komabe wakabaza amene wasiya kupalasa wapulumutsa mawondo ndi msana wake, ndipo nsomba zake zimafika pamsika zisanawonongeke. Kumuletsa petulo popanda kumupatsa china n'kumubwezera kuthukuta la agogo ake. Enanso aloza njinga zamagetsi, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu, poti magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a Shire amene baraji ya pa Liwonde imawongolera. Koma midzi yambiri ya maboma awiriwa ilibe magetsi, ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, ngakhale m'matauni magetsi ankazimazima kwa miyezi.

Lamulo loyenera kuno liyambe ndi anthu amene akunyamula kale katundu popanda utsi. Lichotse msonkho pa matayala, machubu ndi matcheni, lilamule kuti msewu wa Liwonde kupita ku Balaka ukhale ndi mbali yotakasuka yoti wanjinga asamathawire m'tchire thiraki ikaliza hutala, ndipo malo otchajira mabatire ndi mphamvu ya dzuwa afike pa Ntaja ndi pa Ulongwe chiletso chilichonse chisanalembedwe.