Migodi ya Mkuwa ndi Mtsinje Wathu wa Kafue

Achinyamata anzanga, ife a kuno ku Riverside tili m'mphepete mwenimweni mwa Kafue, ndipo madzi ake ndiwo timamwa. Koma kodi mbiri ya mtsinjewu ndi migodi mukuidziwa?

Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932. Malipiro a anthu akuda anali ochepa zedi, ndipo pa sitalaka ya mu 1940 asilikali anawombera antchito, nafa anthu 17. Mu 1949 antchito anakhazikitsa bungwe lawo motsogoleredwa ndi a Lawrence Katilungu. Choncho zabwino zimene zinadza pambuyo pake sizinali mphatso ayi. Makolo athu anachita kuzimenyera.

Mu 1969 a Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo mu 1982 panabadwa ZCCM. Kampaniyi inkasamala zipatala, masukulu, nyumba, madzi ndi matimu a mpira, ngakhale kuti utsi wa senta unkatsamwitsabe anthu. Mtengo wa mkuwa utagwa, ngongole zinachuluka, ndipo pofika mu 2000 migodi inali itagulitsidwa. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, chisamaliro chambiri chija nichitha.

Nanga mtsinje? Mu 2006 madzi oipa ochokera ku Konkola Copper Mines ku Chingola analowa mu Kafue, anthu nadwala. Patapita zaka, anthu a m'midzi ya kumeneko anasumira Vedanta, mwini kampaniyo, ku London. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Britain linalola kuti mlandu umvedwe, ndipo mu 2021 kampani inagwirizana nawo zolipira, koma osavomera kulakwa.

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za Sino-Metals ku Chambishi linaphulika. Asidi anatsikira mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo kuno ku Kitwe mipope inatsekedwa.

Tsono anzanga, kampani ikamanga sukulu kapena kukumba chitsime tithokoze, koma tifunsenso kuti, “Zinyalala zanu mukutaya kuti? Damu lanu analiyendera ndani?” A ZEMA akaitana anthu kudzamva za mgodi watsopano, tiyeni tipiteko monga gulu. Inunso amene mukuphunzira za migodi pa Copperbelt University, mawa ndinu mudzasaine mapepala a madamuwa. Posaina mudzakumbukire amayi amene amatunga madzi kumunsi kwa mtsinje.