Loboti ikalakwa, kasitomala amakwiyira ndani?

Mu 2015 ku Nagasaki, m'dziko la Japan, kunatsegulidwa hotela ya Henn na, komwe alendo ankalandiridwa ndi maloboti. Pofika 2019, eni ake anali atachotsa oposa theka mwa maloboti 243. Kaloboti ka m'chipinda kotchedwa Churi kankati kakamva mlendo akuliza mkonono, n'kuyesa kuti akukalankhula, ndiye kankamudzutsa pakati pa usiku kuti abwereze zomwe wanena. Zimene zimachitika mumtima mwa mlendo wotereyu akatswiri anazipatsa mayina.

Loyamba ndi anthropomorphism, chizolowezi chathu choona umunthu m'chinthu chomwe si munthu. Loboti ikakhala ndi maso, dzina ndi mawu, timayembekezera kuti itimva ngati mnzathu, ndipo ikalephera timakhumudwa kwambiri. Mu 1970 Masahiro Mori anafotokozanso za uncanny valley: loboti ikafanana kwambiri ndi munthu koma osafikapo, m'malo moikonda thupi limachita tsembwe.

Mawu ofunika kwambiri ndi attribution, kufufuza gwero la cholakwa. Potsatira maganizo a Bernard Weiner, wolakwiridwa amadzifunsa zitatu: vutoli lachokera kwa ndani, lidzachitikanso kodi, nanga likanapeweka? Weta akakutayira supu pamalaya, umaona dzanja lake likunjenjemera, numati mwina watopa, mawa adzasamala. Loboti ilibe kutopa koti uikhululukire. Umangoti ndi mmene inapangidwira, mawa ibwerezanso, ndipo mkwiyo umalunjika kwa amene anaiika pamenepo. N'zogwirizana ndi algorithm aversion, zomwe Berkeley Dietvorst ndi anzake analemba mu 2015: anthu akaona makina akulakwitsa, amasiya kuwakhulupirira msanga kuposa mmene amachitira ndi munthu wolakwitsa chimodzimodzi.

Kukonza zinthu zikalakwika kumatchedwa service recovery, ndipo apa ndi pamene eni mabizinesi ayenera kusamala. Loboti itha kunena kuti pepani, koma kasitomala amadziwa kuti ilibe manyazi ndipo siitaya kanthu. Iye amafuna wina womvetsera dandaulo lake mpaka kumapeto, wokhala ndi mphamvu zomusinthira chipinda kapena kumubwezera ndalama. Choncho wogula loboti asayambe n'kuwerengera antchito amene awachotse. Ayambe wadzifunsa kuti ikalakwa 2 koloko usiku, adzatuluke ndani kudzayankha mlandu.