Mendulo za mafumu a ku Britain: nchiyani chimakweza mtengo wake?

M'masutikesi akale, pakati pa zikalata za ukwati ndi zithunzi zofwifwa, mabanja ena ku Zomba, ku Chipata ngakhale ku Harare amasunga mendulo yokhala ndi nkhope ya mfumu ya ku Britain. Mwini wake akatsikira kulichete, adzukulu amafunsa ngati kachitsuloko kangabweretse ndalama. Ambiri amayesa kuti ukale ndiwo mtengo, ndipo apa ndi pamene amasokera.

Nkhani ya Edward VIII imaonetsa bwino kusokeraku. Mfumuyi inatula pansi ufumu mu Disembala 1936 isanavekedwe chisoti, pamwambo umene unayenera kuchitika pa 12 Meyi 1937. Amalonda anali atasula kale mendulo zankhaninkhani za mwambowo, zambiri za mkuwa ndi aluminiyamu. Wopeza imodzi lero amaganiza kuti watola chikwama, pakuti ndi chikumbutso cha mwambo umene sunachitike. Tsoka lake nlakuti anthu a nthawiyo anaganizanso zomwezo. Anazisunga mosamala, ndipo mpaka pano zili mbwee pamsika, pamtengo wotsika.

Choncho woyesa mtengo amayamba ndi kusiyanitsa mendulo zamalonda zoterezi, pamodzi ndi zimene ankagawira ana a sukulu, ndi zija zimene boma linkapereka kwa anthu osankhidwa. Mendulo ya boma yokumbukira kuvekedwa chisoti kwa Mfumukazi Elizabeth II pa 2 Juni 1953 ndi ya siliva, koma zinaperekedwa zoposa 120,000, zopanda dzina la wolandira. Mtengo wake si wokwera kwambiri. Komatu pakati pa unyinjiwu panali 37 zimene anazokotapo mawu m'mphepete ndi kupatsa a gulu lija lokakwera phiri la Everest, limene Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anafika pansonga pake pa 29 Meyi chaka chomwecho. Siliva ndi yemweyo, nkhope ndi yomweyo, koma mtengo ndi wosayerekezeka, chifukwa mendulozo ndi zochepa ndipo mbiri yake imadziwika.

Mfundoyi ikukhudzanso mendulo za ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Chaka cha 1953 ndicho chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa Aafirika akukana, ndipo Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa paudindo chifukwa cholimbana ndi malamulo a atsamunda. Mfumu ya ndodo kapena kalaliki amene analandira mendulo m'masiku otentha amenewo anailandira anthu akumuyang'ana, ena monyadira, ena mokayika. Mbiri yotere ndiyo imene osonkhanitsa mendulo ndi nyumba zamalonda monga Spink ya ku London amafuna, koma amafuna umboni, osati nkhani ya pakamwa yokha.

Umboniwo ndi chikalata chimene chinkatsagana ndi mendulo, cholembedwa dzina la wolandira, kapena chithunzi chake ataivala pachifuwa. Zomvetsa chisoni nzakuti mapepalawa ndiwo amayamba kudyedwa ndi chiswe, pamene mendulo imatsukidwa ndi phulusa kapena mchenga kuti iwale. Kutsukako kumafufuta zozokota zosalimba za nkhope ndi zilembo, ndipo wogula wodziwa amatsitsa mtengo akangoona mikwasa yake, ngakhale mendulo itanyezimira motani. Kansalu kake koyambirira, ngakhale kothaitha, kamayeneranso kusiyidwa pomwepo.