Zizindikiro za Mankhwala Oopsa Pamalo a Ntchito

Zizindikiro za mankhwala oopsa ndi zithunzi zimene zimamatidwa pa mabotolo, migolo ndi matumba pofuna kuchenjeza ogwira ntchito. Bungwe la United Nations lidavomereza ndondomeko ya GHS m'chaka cha 2002 ndi cholinga chakuti zizindikirozi zizifanana m'maiko onse.

Zithunzizi zilipo 9, ndipo chilichonse chimazunguliridwa ndi mzere wofiira wa ngodya zinayi. Chigaza ndi mafupa awiri opingasa zimasonyeza poizoni wopha msanga. Lawi la moto limasonyeza mankhwala osachedwa kuyaka, pamene madontho ogwera padzanja ndi pachitsulo amasonyeza mankhwala owotcha khungu, monga asidi.

Mankhwala otere amayeneranso kubwera ndi chikalata cha magawo 16 chofotokoza kasungidwe kake, zovala zodzitetezera ndi chithandizo choyamba pakagwa ngozi.

Pangano nambala 170 la bungwe la ILO, la m'chaka cha 1990, limalamula olemba ntchito kuphunzitsa antchito awo zonsezi. Likutinso mankhwala akatsanuliridwa m'chotengera china, nachonso chilembedwe bwino. Wantchito ali ndi ufulu wochoka pamalo pamene akuona kuti moyo wake uli pachiswe, koma adziwitse womuyang'anira nthawi yomweyo.