Mmene Berlin Inasiyira Kugwetsa Nyumba Zakale

Nyumba zambiri zosanjikizana za ku Kreuzberg, mumzinda wa Berlin, zinamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuti muzikhala ogwira ntchito m'mafakitale. Zinali zothinana, zamdima, ndipo mabanja angapo ankadalira chimbudzi chimodzi. Mu 1963 boma la West Berlin linakhazikitsa ndondomeko yozigwetsa n'kumanga zatsopano. Koma lendi m'nyumba zatsopanozo inali yokwera, pamene zakale zinangokhala zopanda anthu podikira kugumulidwa. Cha m'ma 1980 achinyamata anayamba kulowamo popanda chilolezo n'kumazikonza okha. Katswiri wa zomangamanga Hardt-Waltherr Hämer anali atasonyeza kale ku Charlottenburg, dera lina la Berlin, kuti kukonza kumatchipa kusiyana ndi kugwetsa n'kumanganso. Pofika 1987 mzindawu unkakonza madenga ndi kuika mabafa m'nyumbazi, utayamba wamva kaye maganizo a okhalamo.