N'chifukwa chiyani olowa pansi pa madzi amanyamula zopumira ziwiri?

FUNSO: Pamene ankafunafuna munthu womira padamu la Ngwenya ku Misisi, ndinaona wolowa m'madzi ali ndi chopumira china pakamwa, china chachikasu chikulendewera pachifuwa. Chachiwiricho n'cha chiyani, ndipo chinayamba bwanji? — Wowerenga wa ku Chawama

YANKHO: Bambo, tiyambe tachotsa bodza lofala lakuti musilinda ya kumsana ija mumakhala okosijeni. Ayi ndithu! Kawirikawiri mumakhala mpweya wamba womwe tikupumawu, koma wopanikizidwa kwambiri. Okosijeni wosasakaniza amasanduka poizoni munthu akapitirira mamita 6 pansi, mpaka kuyamba kuphupha ngati wakhunyu.

Chimene chimaweta mpweyawo ndi regyuleta, mbale wake wa ija ya pasilinda ya gasi wophikira. Apa m'pamene nkhaniyi imandikoma. Ambiri amati anaipanga ndi Jacques Cousteau, koma chipangizochi chinabadwira kumigodi. Mu 1860, Benoît Rouquayrol, injiniya wa migodi wa ku Espalion ku France, ankafuna njira yopulumutsira anthu otsamwa ndi mpweya woipa pansi pa nthaka. Anapanga kachipangizo kokhala ndi chikopa chofewa: munthu akakoka mpweya, chikopacho chimapindika n'kutsegula valavu, akasiya, valavu imatseka yokha. Mu 1864 msilikali wa panyanja, Auguste Denayrouze, anagwirizana naye n'kuchilowetsa m'madzi. Ine ndimaona kuti dziko la migodi ngati Zambia liyenera kumaphunzitsa ana dzina la Rouquayrol. Cousteau anabwera mu 1943 ndi Émile Gagnan, amene anali atapangira kale valavu yotere magalimoto oyendera gasi pamene petulo ankasowa pankhondo.

Chopumira chachiwiri chija amachitcha octopus. Kale mnzanu akathedwa mpweya munkalandirana chopumira chimodzi, ndipo wamantha ankakakamira osabweza. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, olowa m'mapanga a madzi ku Florida anali m'gulu la oyamba kunyamula chapadera, ena n'kutengera.

Posankha, ambiri amagula chotchipa poganiza kuti n'chongosungira. Kulakwa kumeneko. Wochilandira amakhala ali wefuwefu, choncho chizitulutsa mpweya mosavuta ngati choyambacho. Paipi yake ikhale yotalikirapo. Mtundu wachikasu umathandiza m'madzi oyera a ku Mpulungu kapena Nkhata Bay, koma m'matope a Ngwenya, momwe simuona ngakhale chikhatho chanu, chofunika n'chakuti chikoledwe pachifuwa pamene dzanja lingachipeze, ndipo chizisololoka mukangokoka.  

Chikamakwekwereza pansi chimadya mchenga n'kuyamba kutaya mpweya. Musanalowe m'madzi chipumireni kangapo, ndipo popita nacho choyambacho kwa mmisiri, ichinso chipite.