Linga la Mlozi pa Mtsinje wa Rukuru

Ife a ku Kaseye tikamatsika msewu wa ku Karonga, timadutsa pa Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru. Ambiri a ife timapitirira osadziwa kuti pamenepo panali linga la Mlozi, wamalonda wa Chiswahili amene ankagula minyanga ya njovu ndi akapolo.

Mlozi ndi anzake awiri, Kopakopa ndi Msalemu, anafika m'dziko la Ankhonde ngati alendo. Atamanga malinga awo pa njira ya malonda yokwera kuno kumtunda, anatembenukira eni nthaka. Ahenga, amene anathawira m'dzikolo poopa Angoni, anagwirizana ndi Mlozi, ndipo anthu okhala moyandikana anayamba kuphana. M'chaka cha 1887 Ankhonde ambiri anabisala m'mabango a ku Kambwe. Adani anayatsa mabangowo, ndipo othawira m'madzi anagwidwa ndi ng'ona.

Azungu a kampani ya African Lakes, mothandizidwa ndi Frederick Lugard, analephera kugwetsa malingawo mu 1888 ndi 1889. Harry Johnston anapangana mtendere ndi Mlozi mu 1889, koma malonda a anthu sanathe.

Kumayambiriro kwa Disembala 1895 Johnston anabweranso ndi mizinga, asilikali a ku India ndi a kuno kwathu. Anazinga linga la Mlozi mvula ili kugwa, naliomba usana ndi usiku. M'katimo munali akapolo ndi Ankhonde ogwidwa ngati chikole, amene analibe kothawira. Ena anaphedwa ndi anthu a Mlozi linga lisanagwe. Msilikali wa Chitonga, Bandawe, anapeza Mlozi atabisala m'chipinda cha pansi pa nyumba yake. Mafumu a Ankhonde anamuweruza, ndipo anapachikidwa pa 4 Disembala. Johnston analemba kuti akapolo 569 anamasulidwa.

Abale ndi alongo, Mlozi ankadziwika kuti ndi Msilamu, ndipo ena amatikumbutsa zimenezi pofuna kutichititsa manyazi. Sitikana mbiriyi, ndipo sitiikira kumbuyo munthu amene analandiridwa ngati mlendo nagulitsa omulandira. Sitiiwalanso kuti omugonjetsa anatenga dzikolo nalilamulira mpaka 1964. Tikamadutsa pa Mpata, tiyenera kukumbukira amayi ndi ana amene anali m'linga lija pamene mizinga inkalira, amene mayina awo palibe anawalemba.